Mphaka wa ku loji akudya kwambiri koma akungowonda

Wa ku Monkey Bay: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pa loji ina kuno kuli mphaka wamkazi wa zaka 13. Akudya kwambiri, madzi sakuwasiya, koma nthiti zili pamtunda. Mtima ukugunda ka 240 pa mphindi, ndipo pakhosi ndakhudza kachotupa. Njoka za m'mimba ndinapha kale, shuga ali bwino. Magazi tinatumiza kulabu, T4, homoni ya chithokomiro, yabwera yokwera. Mwini wake ndi mayi wachikulire, akuti ndalama si vuto, akungofuna mphaka wake achire. Tiyambe ndi chiti?

Wa ku Namwera: Achimwene, chithokomiro chimenecho. Bwanji osangochotsa?

Adokotala a pa boma: Musathamangire mpeni. Mtima wothamanga chonchi sungapirire mankhwala ogonetsa. Komanso pafupi pomwepo pali tima parathyroid, tiziwalo tosamalira mlingo wa calcium m'magazi. Mukativulaza, calcium amatsika, mphaka n'kuyamba kunjenjemera patangopita masiku ochepa. Ku Monkey Bay calcium mudzamuyeza ndi chiyani usiku?

Wa ku Monkey Bay: Zoona adokotala. Mayiwo anamvanso za jakisoni wa radioactive iodine, wowononga mbali yodwala ya chithokomiro.

Adokotala a pa boma: Ameneyo amachizadi, nthawi zambiri kamodzi basi, koma ndi ulendo wa kunja, ndipo mphaka amatsekeredwa payekha kwa masiku. Tiiike kaye pambali.

Wa ku Makanjira: Nanga chakudya chija cha Hill's y/d, cha iodine wochepa?

Wa ku Monkey Bay: Achemwali, mphaka wa m'mbali mwa nyanja? Chimagwira ntchito ngati sakulawa china chilichonse. Uyu m'mawa amakhala ali pathandala la usipa, madzulo alendo akumuponyera mitu ya chambo.

Adokotala a pa boma: Ndiye yambani ndi carbimazole, mapiritsi otsitsa mphamvu ya chithokomiro, yemweyu wa anthu. Chifukwa changa chachikulu ndi impso. Chithokomiro chikamathamanga, magazi amadutsa ambiri mu impso, moti matenda a impso amabisala. Mukachitsitsa, ndi pomwe amaonekera. Mapiritsi mutha kuchepetsa, koma chimene mwadula simungabwezeretse. Mphaka wa zaka 13 ine sindingamuchite chinthu chosabwerera ndisanaone kawiri creatinine wake, muyezo wa m'magazi woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito. Yambani pang'ono, 2.5 mg m'mawa ndi madzulo, muyezenso T4, impso, chiwindi ndi maselo a magazi pakatha masabata 2 kapena 3, kenako muziwonjezera malinga ndi zotsatira.

Wa ku Namwera: Vuto n'lakuti amphaka amalavula. Wamwetsa, wachoka, piritsi ulipeza pansi pa mpando.

Wa ku Makanjira: Abise mukanyama ka nsomba, ampatse asanadye. Koma muwauze mayiwo kuti mankhwalawa sachiza, ndi a moyo wonse. Akayamba kusanza, kukana chakudya, kukanda kumaso mpaka mabala, kapena nkhama kuoneka zachikasu, asiye n'kukuimbirani. Wantchito woyembekezera asagwire mapiritsiwo ngakhale mchenga womwe mphaka amadzithandizirapo.

Adokotala a pa boma: Ndipo mumuyeze kulemera ulendo uliwonse, pa sikelo imodzimodzi. Akakhazikika, impso zili bwino, nkhani ya opaleshoni kapena ya kunja ija tidzaikambanso.

Wa ku Monkey Bay: Zikomo akuluakulu. Mawa nditenga kaye magazi a impso, carbimazole ayambe akatuluka. Ndani akupita ku Blantyre m'mawa ndi cooler box?

Wa ku Namwera: Ine ndidutsa pa boma cha m'ma 7. Mukandipeze pa mlatho.