Tanthauzo la mwambi: "Galu wamkota sakandira pachabe"

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi uwu anthu akumautchula pa nkhani ya galu amene akukanda khutu kosalekeza. Kodi "mkota" ndi chiyani kwenikweni? Nanga kukanda kwake ndi kudzikanda pathupi kapena kukumba pansi? Ndipo ngati ndi khutu, galu wotere tingomutsuka tokha kunyumba?

Yankho loyamba:
Mkota ndi chiweto chachikazi chokhwima, chimene chinabalapo kale. N'chifukwa chake timamvanso mbuzi yamkota kapena nkhuku yamkota. Kukanda kwa mumwambimu ndi kwa pansi. Kagalu kanthete kamakumba paliponse mongosewera, koma wamkota akaima pa una n'kuyamba kufukula dothi, dziwani kuti wanunkhiza kanthu. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wamkulu, amene waona zambiri, akamalimbikira chinthu amakhala ali ndi chifukwa, ngakhale ena asakuchiona.

Yankho lachiwiri:
Anzathuwa afotokoza bwino. Amene akuutengera ku khutu angoubwereka mwambiwo, koma sanalakwe kwenikweni, pakuti galu, wamng'ono kapena wamkulu, sakanda khutu tsiku lonse popanda chomuvuta. Musanagwire botolo la mankhwala, yambani mwasuzumira ndi kununkhiza. Khutu labwino mkati mwake mumakhala mofiirira pang'ono, mosanyowa, mosanunkha, ndipo phula limakhala lochepa. Lotero lisiyeni, silifuna kutsuka.

Zoyabwitsa ndi zingapo. Zinyalala zakuda, zouma, zoyoyoka nthawi zambiri zimasonyeza tizilombo ting'onoting'ono ta m'khutu, makamaka mwa ana agalu, ndipo timafalikira kwa agalu ena ndi amphaka a pakhomo. Phula lamafutamafuta, loderapo, la fungo lowawasa limabwera akachulukana yisiti, tizilombo ta mtundu wa nkhungu timene timakhala pakhungu. Mafinya achikasu kapena obiriwira ndi a bakiteriya. Pali nkhupakupa, pali njere za udzu zolowa mkati. Vuto likamabwererabwerera m'makutu onse awiri, kawirikawiri gwero lake ndi thupi la galuyo kudana ndi chakudya china kapena zinthu zina zomuzungulira, ndipo kutsuka kokha sikungathetse.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri. Ndiye malire ali pati? Ndi liti pamene munthu sayenera kutsuka yekha?

Yankho lachitatu:
Musatsuke ngati khutu lafiira kwambiri, latupa, likutentha, likutuluka mafinya kapena magazi, kapena galu akulira mukaligwira. Chimodzimodzi ngati akupendeketsa mutu mbali imodzi, akudzandira, kapena wasiya kumva bwino. Pamenepo mwinikhutu, kachikopa kopyapyala kamene kali kumapeto kwa mpita, akhoza kukhala atabooka, ndipo mankhwala ena otsukira akadutsa pobookapo amawononga mkatikati mwa khutu mpaka galu kugontha. Ndi dokotala wa ziweto yekha amene ali ndi chida choonera mkatimo. Musatsukenso mukamapita naye kwa dokotalayo, chifukwa amafuna zinyalala zomwezo kuti aziyeze.

Ngati ndi litsiro wamba, chitani motere. Pezani mankhwala otsukira makutu opangidwira agalu, thonje ndi thaulo. Botolo lifumbateni m'manja kwa mphindi zingapo kuti lithe kuzizira, poti madzi ozizira amamudzidzimutsa galu. Mukhazikeni pakona kapena wina amugwire pachifuwa modekha. Kwezani khutu m'mwamba ndi dzanja limodzi. Apa m'pofunika kumvetsa kapangidwe kake: mpita wa khutu la galu umatsika choongoka kenako n'kukhota ngati chigongono kulowera m'mutu. Litsiro limakhazikika pokhotapo, pamene diso silifika, ndipo kukweza khutu kumawongolako mpitawo. Thirani mankhwala mpaka muwaone afika kukamwa kwa mpita. Nsonga ya botolo isakhudze khutu, kuopa kutenga tizilombo n'kukatisiya m'khutu linalo. Kenako tikitani patsinde pa khutu, m'munsi mwa bowo, masekondi 20 mpaka 30. Muzimva kuti tchofu tchofu. Ngati simukumva, mankhwala achepa kapena mukutikita pamwamba kwambiri.

Mukatero musiyeni akutumule mutu. Musamuletse, chifukwa kukutumulako ndi kumene kumatulutsa litsiro la pansi. Ingomuphimbaniko ndi thaulo. Pomaliza kulungani thonje pachala n'kupukuta m'makwinya ndi kukamwa kwa mpita, osapitirira mfundo yoyamba ya chala. Sinthani thonje mpaka lizituluka loyera, ndipo khutu lililonse likhale ndi thonje lakelake. Akangolira ndi ululu, lekani pomwepo.

Yankho lachiwiri, kuwonjezera:
Ndikuchondererani pa timitengo ta thonje kunsonga totokosera m'makutu: tisalowe m'khutu la galu. Timakankhira phula pokhota paja n'kulitsendera, ndipo galu akagwedezeka mwadzidzidzi kamtengoko kangathe kuboola mwinikhutu. Sipiriti imalasa pa tizilonda ta zikhadabo, mankhwala otsukira zilonda a hydrogen peroxide amapweteka khungu lanthete la mkatimo, ndipo madzi wamba sasungunula phula, amangosiya chinyezi chimene yisiti ndi bakiteriya amakonda.

Za kutsuka kangati, palibe lamulo limodzi. Agalu a makutu oima ambiri safuna kutsukidwa pafupipafupi. A makutu olendewera, monga a mtundu wa Cocker Spaniel ndi Basset Hound, komanso okonda kusambira, m'makutu mwawo simupita mpweya wokwanira. Amenewa muziwayang'ana sabata iliyonse, muziwapukuta akanyowa, ndipo muzitsuka mukaona phula lachuluka. Kutsuka mopitiriza muyeso kumakwiyitsa khungu n'kuyambitsa matenda omwe mumawathawa.

Yankho lachinayi:
Chimodzi chatsala. Galu akakhala masiku akukanda ndi kukutumula mutu mwamphamvu, timitsempha ta m'chikopa cha khutu timaphulika, magazi n'kudzaza pakati, khutu n'kufufuma, lofewa ndi lofunda. Musaliboole ndi singano. Limadzazanso ndipo mungalowetse tizilombo. Likasiyidwa osathandizidwa limatha kufota n'kupindika mpaka kalekale. Dokotala amachotsa magaziwo, nthawi zina mochita opaleshoni, ndipo amachizanso chimene chimayabwacho. Ngati wakupatsani mankhwala odontheza, mufunseni ngati muyenera kutsuka kaye ndi nthawi yoti mudikire musanadontheze, ndipo mumalize masiku onse amene wanena ngakhale kukandako kutasiya.