Kodi thandizo la anthu othawa madzi osefukira tilipereke kudzera kwa yani?

NaBanda, Lilongwe:
Ife amayi a mpingo wina kuno ku Lilongwe tasonkha zovala, ufa ndi ndalama pang'ono kuti tidzathandize abale athu a ku Chigwa cha Shire madzi akadzasefukira. Ena akufuna kuti tidzabwereke galimoto n'kukagawa tokha kumsasa, pomwe ena akuti tidzasiye ku khonsolo. Amene munagwirapo ntchito yotereyi, chonde tiunikireni.

Wodzipereka wa ku Chilobwe:
Mayi, m'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, ndinathandiza nawo pamsasa wina wa pasukulu. Zovala zinabwera zochuluka mpaka tinaziunjika pakona ya kalasi, koma ndowa, sopo, klorini ndi mapadi a amayi zinali zosowa, chonsecho mliri wa kolera unali usanathe. Tsiku lina gulu lina linafika ndi lole n'kuyamba kugawa katundu lisanaonane ndi komiti ya pamsasa. Anyamata amphamvu analandira kawiri kapena katatu, pamene agogo ena amene ankalera zidzukulu zitatu anabwerera chimanjamanja. Musadzatsitse thumba ngakhale limodzi musanaone kaundula wa mabanja amene komitiyo imasunga.

Bambo Phiri, Nsanje:
Ndikugwirizana ndi mnzangayu. Muyambe mwaonana ndi ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ku khonsolo, yomwe imagwira ntchito limodzi ndi DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zotere m'dziko lonse) ndi makomiti a m'midzi, chifukwa ndi imene imadziwa misasa yomwe sinalandire kanthu. Misasa ya m'mbali mwa msewu wa tala imalandira alendo pafupipafupi, koma ku Makhanga, kutsidya kwa Shire, nthawi zina kumafikika ndi boti basi. Ndalamazo musazithere pa mafuta onyamulira ufa kuchokera ku Lilongwe, popeza zambiri mukhoza kudzagula ku Nchalo kapena ku Bangula.

Mayi Gondwe, Blantyre:
Kudzera ku khonsolo sikutanthauza kungosiya katundu n'kubwerera, ayi. Mudzatume amayi awiri kapena atatu kuti akaonerere kugawako ndi kubweretsa mndandanda wosainidwa wa olandira, kuti amene anasonkha akhutire. Gawo lina la ndalama mudzasunge kufikira nthawi imene misasa ikutsekedwa, chifukwa anthu akamabwerera kumabwinja amafuna mbewu, makasu ndi mapepala ofolera nyumba, ndipo nthawi imeneyo magalimoto a alendo amakhala atasiya kubwera.