Thina ndi petulo tizisunga bwanji pa wekishopu?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pomwe ndimagwira ntchito timapenta mageti achitsulo ndi zitseko, ndiye thina (wosungunulira penti), vanishi ndi petulo wa jenereta sizisowa. Pakadali pano zonsezi zili m'zigubu pakona imodzi, pomwe chapafupi mnzathu amawotcherera zitsulo, moto uli thethethe. Ine mtima sukhala m'malo.

Chomwe ndikudziwa n'chakuti mpweya wochokera ku petulo ndi wolemera, umayenda pansipansi mpaka kukapeza moto patali, ndipo umayaka ngakhale kutazizira kufika -40°C. Nanga zenera lam'mwamba lokha n'lokwanira, kapena tiboole khoma cham'munsi?

Abwana akuti tigule kabati yachitsulo yotseka. Chabwino, koma mpweyawo sudzadzadzana m'katimo? Ena akutinso pothira kuchoka m'diramu kupita m'chitini tizilumikiza ziwirizo ndi waya kuopa kuthetheka kwa static (magetsi obwera zinthu zikamakhulana). Inu mumaterodi?

Komanso nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed (opaka matabwa), zija zimatentha zokha zikaunjikana, mumazitaya kuti? Chozimitsira moto chomwe tili nacho n'cha madzi, ndipo pa petulo chimangomwaza motowo. Tigule cha ufa kapena cha thovu?