Akhwangwala ndi akabawi pa thandala: legeni ipitirire?

Abiti Yusufu, Msaka:
Salamu aleikum, ndi moni kwa nonse oyanika nsomba muli muno. Ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mathandala anayi kuno ku Msaka, ndipo chilekereni mwera usipa ukutuluka bwino, koma mbalame zandisowetsa mtendere. Akhwangwala amatera pathandala penipeni n'kumasankha wonona. Akabawi satera n'komwe, amangotsika, kutapa ndi zikhadabo, ulendo. Zomwe amadyazo ndikanapirira, koma zitosi. Pomwe aipitsa ndimachotsa mbali yonseyo, chifukwa ogula a ku Limbe akangoona choyera pa nsomba amagwetsa mtengo wa thumba lonse.

Ndinalemba mnyamata waganyu kuti azilondera ndi legeni. Sabata yoyamba zinayenda. Lachiwiri lapitali analasa kabawi n'kumuthyola phiko. Sanafe. Anatha masiku awiri akudzikoka kuseri kwa mabwato, ana akumutosa ndi timitengo, mpaka agalu anamumaliza, ndipo ine mtima sunakhale m'malo. Dzulo mwala wina unaphonya, unagunda mgolo wofutsira, n'kunjanja kukamenya mwana wa anzanga oyandikana nawo pamwamba pa diso. Watupa koma diso lapulumuka, tinapita naye kuchipatala ku Monkey Bay. A BVC, komiti ya m'mudzi yoyang'anira za padoko, akuti tikambirane Lachisanu tikatuluka ku Juma. Kodi ndichotse legeniyo? Ndikachotsa, nsomba zanga atetezanso ndani?

Che Twaibu, Makawa:
Waleikum salamu Abiti. Pepani za mwanayo. Koma legeni ilibe mlandu. Tonse tinakula nayo, mphanda ya mtengo wouma, mphira ya chubu, kachikopa kumbuyo, ndipo mpunga wa makolo athu unkapulumuka kwa mpheta chifukwa cha iyo. Wolakwa ndi mnyamata wanuyo. Sungagende kumbali komwe kuli anthu, ndiponso ukatalikira kupitirira mapazi khumi ndi asanu ndiye kuti ukungoyesa mwayi. Pezani wodziwa, aphe khwangwala mmodzi, mumupachike pa nsungwi pafupi ndi thandala. Anzake akaona sabweranso.

Amake Chisomo, Malembo:
Che Twaibu, zopachikazo ndinayesa chaka chatha. Tsiku loyamba anasonkhana gulu m'mitengo kulira, osatera. Pofika tsiku lachinayi anali atabwerera, ndipo ine ndinatsala ndi chinthu chowola chodzaza ntchentche zobiriwira pambali pa chakudya cha anthu. Ntchentchezo n'zimene zimaikira mazira mu usipa usanaume. Khwangwala ndi wochenjera, amamudziwa munthu wa legeni, amadikira apite kukadya nsima. Ma CD akale ndi mapepala apulasitiki opachika pa chingwe nawonso amawazolowera pasanathe sabata.

Jafali, Namiasi:
Bwanji osangothira poizoni wa temeki m'mitu ya nsomba n'kuika patali? Tsiku limodzi basi, nkhani yatha.

Mayi Banda, Malindi (woyang'anira gulu):
Achimwene a Jafali, izo zokha ayi, ndipo ndikupempha wina asazibwerezenso muno. Pa doko pamayenda ana, nkhuku, abakha, agalu. Mbalame yodya poizoni sifera pomwe yadyerapo, ikhoza kukagwera pathandala la munthu wina kapena m'madzi omwe tikutsukira nsomba. Ife timagulitsa chakudya. Mbiri ikangomveka kuti doko lakuti amathira mankhwala, tonse tagwa.

Shehe Mussa, Chimwala:
Ndilankhuleko monga mnzanu wowamba nsomba kuno ku Malombe, komanso poti Abiti anena kuti mtima sunakhale m'malo. Mtimawo sukunama.

Poyamba ndikumasuleni. Kuteteza chuma chanu si tchimo. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anatchula zamoyo zisanu zowononga zomwe n'zololedwa kupha, ndipo khwangwala ndi kabawi zili pomwepo, pamodzi ndi khoswe, chinkhanira ndi galu wolusa. Choncho palibe amene angakuuzeni kuti mungoyang'ana mbalame zikumaliza thukuta lanu.

Koma Mtumiki yemweyo analetsa kugenda ndi timiyala, ndipo anapereka chifukwa: timiyalato sitipha nyama yosakidwa, sitigonjetsa mdani, koma timagulula dzino ndi kuboola diso. Taonani zimene zachitika ku Msaka sabata imodzi yokha. Mbalame sinafe, inangolumala, ndipo mwala wina wapita pa diso la mwana. Anaphunzitsanso kuti ngati pafunika kupha, iphani bwino, chamoyocho chisazunzike. Kabawi wodzikoka masiku awiri uja anayenera kumalizidwa ola lomwelo ndi amene anamulasa. Kumusiya m'manja mwa ana ndi agalu ndi pomwe panalakwika kwambiri, ndipo ana aja aphunzirapo kuti kuzunza chinthu chopanda mphamvu ndi masewera.

Kwa anyamata athu osaka njiwa ndi nkhwali ndionjezere ichi, chifukwa ambiri sadziwa: mbalame yofa ndi kumenyedwa ndi mwala sidyedwa. Ukaipeza ikadali moyo n'kuichinja, pamenepo ndi halali. Ikafa usanafike, yapita pachabe.

Che Twaibu, Makawa:
Shehe, ndamva ndipo sinditsutsa. Koma mawu anuwo akundivomerezanso ine pang'ono: wodziwa kulasa pamutu amapha kamodzi. Vuto ndi kupatsa legeni aliyense.

Shehe Mussa, Chimwala:
Che Twaibu, pa miyala khumi imene mwaponya inu wodziwa, ingati imafika pamutu pa kabawi akuuluka? Yotsalayo imagwera kuti? Kumunda imagwera m'mpunga. Pa doko imagwera pa anthu.

Bambo Nkhoma, Chembe:
Ine ndinasiya kuyanika, pano ndimayendetsa boti la alendo, koma ndikadali muno chifukwa akazi anga ali pa ntchitoyi. Pali mbali ina imene Abiti asaiwale. Msaka ndi Chembe ndi midzi yozunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mukangodutsa malire a mudzi kulowa m'phiri muli m'paki, ndipo kumeneko kupezeka ukusaka, kaya ndi legeni, ndi mlandu. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, zilango zake si zamasewera. Anyani akamatsika kudzaba, kauzeni a paki, osawalasa.

Chimene chimandiopsa ine ndi ichi. Nkhwazi yaing'ono sikhala ndi mutu woyera ngati yaikulu, imakhala yofiirira yamawangamawanga, ndipo mnyamata amene wauzidwa kuti genda chilichonse chotsika sangasiyanitse. Kabawi mumamudziwa ndi mchira wa mphanda, komanso ndi wocheperako. Nkhwazi ndi imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, ndipo kuno alendo amalipira kuti tipite nawo ku chilumba cha Thumbi tikaiponyere nsomba, aijambule ikutsika. Imodzi ikalumala ndi mwala, ife a maboti tataya chakudya, ndipo mwini thandala akayankha mafunso.

Mayi Banda, Malindi (woyang'anira gulu):
Tsopano ndinene zimene ndinachita ine, chifukwa Abiti akufuna yankho lopita nalo Lachisanu.

Ndinagula ukonde wakale wa chilimira umene asodzi anautaya. Ndinazika nsungwi m'makona a thandala ndi pakati, zotalika mkono umodzi pamwamba pa nsomba, ndinamanga chingwe kuzungulira, kenako ukonde pamwamba ndi m'mbali. Dzuwa likulowa, mphepo ikudutsa, usipa ukuuma monga kale. Mbali imodzi ndinaisiya yopinda kuti ndizitembenuza nsomba. Chachikulu n'kuukunga kwambiri. Ukonde wolendewera khwangwala amateraponso n'kuutsitsa mpaka kufika pa nsomba, ndiponso timbalame timakodwamo n'kufera momwemo, ndiye mwangosintha legeni ndi msampha. Ming'alu muisoke musanauike.

Musaphimbe ndi neti ya udzudzu ya kuchipatala. Ili ndi mankhwala, imatchinga mphepo, ndipo inaperekedwa kuti ana agonemo.

Chachiwiri, yang'anani pansi. Mbalame sizibwerera thandala lokha. Ong'amba kampango ndi mlamba amataya matumbo pamchenga, ife ofutsa timakhuthulira madzi a mumgolo ndi zinyenyeswa pomwepo. Kumeneko n'kuziitana. Kwathu tinagwirizana dzenje limodzi kutali ndi mathandala, lokwiriridwa madzulo aliwonse, ndipo akhwangwala anachepa tisanaike n'komwe maukonde. Iyi ndi nkhani yoti BVC yonse igwirepo, si ya Abiti okha.

Amene ali ndi mwayi wa tenti yapulasitiki yoyanikiramo ija ali pabwino koposa, fumbi ndi mvula sizilowa, koma tonse sitingakwanemo.

Amake Chisomo, Malembo:
Za ukondezo ndikuchitira umboni. Legeni kwanga ilipobe, koma ndinaisintha ntchito. Ndimaumba timipira ta dongo, kuyanika padzuwa osaotcha. Ndinapachika lata lakale pa mtengo kumbali ya kutchire, kopanda anthu. Mbalame zikayamba kuzungulira, mlonda amagenda latalo, osati mbalame. Phokoso limazibalalitsa, ndipo dongo likagunda limaphwanyika, silinjanja ngati mwala wa kunyanja kapena nati. Komabe nalo pa diso limavulaza, ndiye lamulo loyang'ana kumene kuli anthu silichoka.

Che Twaibu, Makawa:
Za lata ndi dongo ndazitenga, ndiyesa. Ukonde ndi ndalama, ndipo si aliyense angaupeze mwezi uno. Ine khwangwala wotera pansi pafupi, kumbuyo kulibe munthu, ndidzamulasabe, koma ndikalasa ndimaliza. Abiti, mnyamatayo ali ndi zaka zingati? Ngati sanakwane 14 ndiye palinso mlandu wina wolemba ntchito mwana.

Abiti Yusufu, Msaka:
Ali ndi zaka 17, Che Twaibu, ndi mwana wa achemwali anga, n'chifukwa chake kumuchotsa kumandivuta. Zikomo nonse. Shehe, mawu aja ndamuwerengera, anangoti zyoli.

Abiti Yusufu, Msaka (Loweruka):
Ndikubwezereni mawu. Tinakumana dzulo. Makolo a mwana anandikhululukira, kutupa kwaphwa. A BVC agamula kuti pakati pa mathandala ndi pokocheza mabwato pasaponyedwenso mwala, wofuna kuopseza mbalame agende lata ndi dongo kumapeto kwa doko. Dzenje la matumbo tikumba Lolemba, ngakhale ong'amba nsomba zikuluzikulu ena akudandaula kuti latalikira. Mnyamata uja ndamusunga, lero wadula nsungwi, ndipo thandala limodzi taphimba ndi chidutswa chomwe amuna anga anali nacho. Kuyambira m'mawa kabawi wazungulira katatu osatsika, koma pa mathandala atatu osaphimbawo akhwangwala akuterabe.

Ndikusowa ukonde wa mathandala atatu. Amene akudziwa msodzi wa ku Malembo kapena ku Monkey Bay amene akugulitsa chilimira chakale andiuze, ngakhale chong'ambika, ndisoka ndekha. Mayi Banda, nsungwi zapakati munaika zingati pa thandala lalitali? Langa likulendewera pakati.

Mayi Banda, Malindi (woyang'anira gulu):
Pa mapazi atatu aliwonse ikani ziwiri, uku ndi uku, ndipo mudutsitse chingwe pamwamba ukonde usanagone. Madzulo ano ndikutumizirani chithunzi.