Payipi ya shawa ya pa sinki ikudontha, ndimate kapena ndigule ina?

Make_awiri:
Abale ndithandizeni nzeru. Mpopi wanga wa kukhitchini ndi uja kamutu kake umachita kukoka nkumatsukira mapoto ngati shawa. Sabata yatha ndikutsegula kabati ya pansi pa sinki ndangopeza thabwa lafufuma, fungo la chinyezi lokhalokha mpaka pangodya payamba chuku. Chikundidabwitsa nchoti mpopi ukakhala wotseka kulibe olo dontho, koma ndikangoyamba kutsuka mbale beseni lomwe ndaika pansipo limayamba kulira tho tho tho. Ndakulunga thread tape, tepi uja wokulunga pa mazinga a mapayipi, pomwe payipi yalumikizana ndi kamutuko koma palibe chasintha, ndiye mutu waima.

Pulambala_wakale:
Mayi mwanena kale yankho osadziwa. Payipi imeneyo madzi amalowamo mwamphamvu pokhapokha mukatsegula mpopi, ndiye ngati wotseka sukudontha ndekuti mapayipi awiri obweretsa madzi aja alibe mlandu. Chimapusitsa anthu nchoti madzi amatsata payipi nkukagwera pansi pomwe yakhota, iwe nkumaganiza kuti bowo lili pamenepo chonsecho akuchokera kumwamba. Kokani kamutuko payipi ituluke yonse, muyipukute iume, mutsegule madzi kenako muziyendetsa tishu pang'onopang'ono kuyambira kumutu mpaka pansi pa sinki ndi tochi. Pomwe tishu wayambira kunyowa ndi pomwepo.

Tepi uja chotsani. Pamenepo chimatseka madzi ndi ka washa ka rabala kamkati osati mazinga, tepi amangolepheretsa nati kufika pokanikiza washayo.

Make_awiri:
Zikomo bambo, ndayesa. Pa kamutu mpouma, tishu wanyowa pansi pafupi ndi chitsulo cholemera chija chamangidwa pa payipi, ndipo ulusi wakunja wanyotsoka ngati chingwe chakale. Nditha kumata ndi guluu kapena kumanga ndi mphira?

Pulambala_wakale:
Ayi musavutike nazo mayi. Mkati mwa ulusiwo muli payipi yofewa ndipo ikang'ambika imapitirirabe chifukwa imapindika tsiku lililonse mukamakoka, mphira mungamange lero mawa yasuntha, komanso chotupa chimenecho chizikola. Tsekani ma valuvu awiri apansi, tsegulani mpopi madzi otsala atuluke, chotsani chitsulo cholemeracho koma muyambe mwajambula pafoni kuti mukumbukire pomwe chinali. Kumunsi mipopi ina ili ndi nati, ina ili ndi kapulasitiki kongofinya nkukoka, kameneko musakakamize ndi pulaya kamathyoka msanga. Mukamasula konse payipi muyisolole, yatsopano mulowetse njira yomweyo. Ku kamutu mangani ndi dzanja basi, sipanala imaphwanya washa.

Chete_chete:
Ndiwonjezere apa chifukwa zinandionekera. Pokagula tengani yakaleyo m'manja, musadalire maso. Ine ndinagula ya 1.5 m kutalika kofanana ndendende koma kumunsi mazinga osiyana, ndinabwerera nayo. Ndiye muonenso chomwe chinadya payipiyo, kwanga inkakhula pa chogwirira cha valuvu nthawi zonse ndikakoka, komanso mabotolo a sopo tinadzaza pansipo moti chitsulo chija chimakola osatsika bwino. Mukapanda kuchotsa chimenecho yatsopanonso idyeka malo omwewo. Pa timphete ta rabala ta molumikizira payipi pakani pang'ono silicone grease, girisi wosaononga rabala, Vaseline ayi, amafufumitsa rabala.

Make_awiri:
Ndabwera kudzathokoza. Yanga inali ya kapulasitiki kofinya kaja, ndinalimbana nako kanthawi ndili chagada mu kabati mwana akundiunikira, mpaka ndinazindikira kuti umayamba wakankhira mkati kenako nkufinya. Chinkadya payipi ndi valuvu ya madzi otentha monga mwanenera a Chete_chete, ndadutsitsa kutsogolo kwake tsopano ikuyenda mosakola. Ndayala nyuzipepala pansipo masiku atatu, ikadali youma gwa. Chatsala ndi thabwa lofufumali, kaya liuma nkubwerera kaya ndichotse, amene zinakuonekerani ndiuzeni.