Ma core theka ali phee koma PostgreSQL ikukwawa

WaBoma: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Seva ya database ya PostgreSQL ya kasitomala kuno ku Boma, Ryzen 9 5900X, Ubuntu 22.04, kernel 5.15. Pa htop (pulogalamu yoonetsa ntchito ya CPU) ma core theka akungogona, koma perf sched latency ikuonetsa ma thread akudikira pamzere. Ndikuganiza ndi select_idle_sibling ya mu scheduler (mbali ya kernel yogawa ntchito ku ma core): task ikadzuka imangosaka core yopanda ntchito mkati mwa cache ya L3 imodzi, ndipo CPU iyi ili ndi ma CCD awiri (magulu a ma core, lililonse ndi L3 yake), ndiye CCD imodzi yadzaza inayo ili phee. Ndimange PostgreSQL pa ma core osankhidwa ndi taskset kapena ndikweze kernel? Lachisanu ndi malipiro, andidya wamoyo.

Che Root: Achimwene, yambani mwaona C-states, magawo a tulo ta core ikakhala yopanda ntchito. Core ikagona tulo ta C6 imachedwa kudzuka. cpupower idle-info kaye.

MlongoWaNamwera: taskset samalani nayo. Mukamanga ma backend (ma process a PostgreSQL) pa CCD imodzi mwaimanga manja load balancer ya kernel, imene imasamutsa ntchito pakati pa ma core, tsiku lotanganidwa mudzalira. Kernel ya HWE (yatsopanoko ya Ubuntu yomweyo) ndi 6.8, ili ndi SIS_UTIL, imene imayang'ana kuchuluka kwa ntchito mu L3 isanaganize kuti isake ma core angati. Koma yesani pa makina ena, osati sabata ya malipiro.

Che Root: Ndanena, ndi C-states.

WaMonkeyBay: Che Root, zimenezo zinandiwotcha. Ndinaika idle=poll pa seva ya loji ina mu Okutobala, kachipinda kopanda AC, denga lamalata. Ma core osagonanso, fani ikulira ngati chigayo. Magetsi atazima usiku mabatire a inverter sanafike m'mawa, ndinakapeza bokosi likutentha losagwirika. Kutentha kwa kuno sikofanana ndi kwa ku Dedza.

WaBoma: Ma connection alipo 200, pgbouncer (yochepetsa ma connection ofika ku database) palibe. Zingakhudze?

MlongoWaNamwera: Kwambiri! Chepetsani amenewo musanakhudze scheduler. Komanso zimene mungasinthe mu /sys/kernel/debug/sched/features zimafufutika seva ikazima, ndipo kuno kuzima ndi kosasowa. Musayembekezenso kuti EEVDF, scheduler imene inabwera ndi kernel 6.6, ikuthetserani izi, ntchito yake ndi kusankha task yotsatira pamzere, osati core.

Che Root: Sindinati idle=poll ine. Tsekani C6 yokha ndi cpupower idle-set, muyezenso. Mpaka pano palibe wationetsa zotsatira za turbostat, imene imaonetsa mmene ma core akugonera.

WaMonkeyBay: Musanatero tsegulani bokosilo mupemerere fumbi. Ija yanga heatsink inali itatsekeka ndi fumbi ndi nkhungu zakufa. Kodi thermal paste yabwino ikupezeka pa Boma pano, kapena mpaka ku Blantyre?