Mwezi umodzi wa mabuku a fantasy ndi nthano za milungu: ndiyambire pati?

Nangozo

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mwezi wamawa ndikhala ndi ola limodzi tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamulungu maola awiri. Ndikufuna nthawi imeneyi ithere pa mabuku a mitundu iwiri: a fantasy (nkhani za matsenga ndi maiko ongopeka) aja otsatizana, ndi aja amene mlembi amatenga nthano yamakedzana ya milungu n'kuifotokozanso mwatsopano. Chingerezi ndimamva bwinobwino koma sindiwerenga mothamanga. Papepala langa ndalembapo The Wheel of Time, A Game of Thrones, Circe, The Song of Achilles ndi The Silence of the Girls. Zitheka m'masiku 30? Ndiyambe ndi liti? Nanga Homer, mlakatuli wachigiriki wamakedzana wa Iliad ndi Odyssey, ndiyenera kumuwerenga kaye, kapena ndingolowa m'mabuku atsopanowa?

Bambo a Tadala

A Nangozo, pepala lanulo ndi la zaka, osati la mwezi. Tiyambe ndi masamu musanataye ndalama kwa mavenda a mabuku.

Tengani buku lililonse la nkhani la Chingerezi, tcherani alamu ya mphindi 20, muwerenge monga muwerengera masiku onse, osadzithamangitsa. Alamu ikalira, onani masamba amene mwadutsa n'kuchulukitsa katatu. Tinene kuti mwadutsa 8, ndiye kuti pa ola ndi masamba 24. Masiku 22 a m'kati mwa sabata kuphatikiza 8 a maola awiri akupereka maola 38. Chotsanipo maola 6 a masiku a alendo, maliro, ndi aja ofika kunyumba thupi lili lefu. Atsala 32, amene ndi masamba 768. Mwezi wanu ndi umenewo: mabuku awiri aakulu pang'ono, kapena anayi aang'ono.

Musamakhulupirire nambala ya masamba yokha. Tsamba la mizere 30 ya mawu 9 lili ndi mawu 270, pomwe la mizere 40 ya mawu 11 lili ndi 440. Mabuku a fantasy amakonda kusindikizidwa ndi zilembo zothithikana choncho, makamaka aja ophatikiza mabuku atatu kapena anayi m'chikuto chimodzi.

Tsopano yezani pepala lanu. The Wheel of Time ndi mabuku 14, mawu opitirira 4 miliyoni. Robert Jordan anamwalira mu 2007 asanamalize, atatu omalizawo anawalemba ndi Brandon Sanderson. Loyamba lokha ndi masamba pafupifupi 800 a zilembo zing'onozing'ono, mwezi wonse uthera pakhomo musanalowe m'nyumba. A Game of Thrones ndi loyamba mwa mabuku asanu a George R. R. Martin, lachisanu linatuluka mu 2011 ndipo nkhaniyo sinafike kumapeto. Awiriwa asungireni tsiku lina.

M'malo mwake tengani Earthsea ya Ursula K. Le Guin. A Wizard of Earthsea la 1968 ndi The Tombs of Atuan la 1971, lililonse ndi masamba 200 kapena kucheperapo, komanso lililonse limatseka nkhani yake, moti mukalekera pa lachiwiri simusiyidwa m'malere. Pali malo awiri pamene anthu amapunthwa. Poyamba ndi mayina: mnyamatayo kwawo amamutcha Duny, dzina lake lenileni ndi Ged, koma pagulu ndi Sparrowhawk. Si kusokoneza dala, matsenga onse a m'dziko limenelo atsamira pamenepo, chifukwa wodziwa dzina lenileni la chinthu ndiye amachilamulira. Pena ndi pa buku lachiwiri. Mulitsegula mukuyembekezera Ged, m'malo mwake mupeza kamtsikana, Tenar, kakutumikira milungu yopanda mayina m'mapanga a mdima, ndipo Ged achedwa ndithu kutulukira. Ambiri amalisiya pamenepo poganiza kuti agula buku lolakwika. Pirirani, mwa awiriwa lokoma ndi limenelo. Mapu a zilumba a kumayambiriro ajambuleni pa foni, kuti musamabwerere kutsamba loyamba nthawi iliyonse ngalawa ikanyamuka.

Awiriwa kuphatikiza Circe, limene lili ndi masamba pakati pa 330 ndi 400 malinga ndi kasindikizidwe, akukwana ndendende m'masamba anu aja.

Mayi Nasimango

Pa za Homer, achemwali: musamuwerenge yense, koma musamulumphenso. Iliad ndi Odyssey anazigawa m'zigawo 24 iliyonse, ndipo buku latsopano lililonse limatsamira pa zigawo zowerengeka chabe. Chigawo chimodzi cha Odyssey chimakhala ndi mizere pafupifupi 500, cha Iliad pafupifupi 650. Ndi ntchito ya madzulo amodzi.

Musanatsegule Circe la Madeline Miller, werengani chigawo 10 cha Odyssey. Anthu a Odysseus afika pachilumba cha Circe, iye awakhazika pamipando, awapatsa chakudya chothira mankhwala, awakhudza ndi ndodo, n'kuwatsekera m'khola atasanduka nkhumba. Mulungu Hermes apatsa Odysseus chitsamba chotchedwa moly, cha muzu wakuda ndi duwa loyera ngati mkaka, kuti mankhwalawo asamugwire. Mapeto ake akhala pachilumbapo chaka chathunthu. Muone zinthu ziwiri. Wofotokoza nkhani kuyambira chigawo 9 mpaka 12 ndi Odysseus mwini wake, akusimbira anthu amene akufuna kuti amuperekeze kwawo, ndiye Circe tikumumvera pakamwa pa mwamuna wodzitama. Chachiwiri, palibe paliponse pamene akunena chifukwa chimene mkazi wokhala payekha amasandutsira amuna nkhumba. Buku la Miller laima pa mpata umenewo. Wosawerenga chigawo 10 amangomva nkhani yokoma, koma saona kuti mlembi akuyankha ndani. Dziwaninso kuti m'buku la Miller, Odysseus amatulukira chapakati, osati kumayambiriro.

Mukasankha za nkhondo ya ku Troy, zigawo za Iliad zofunika ndi 1, 9, 16, 19, 22 ndi 24. Mu 1 muli mkangano wa Agamemnon ndi Achilles wolimbirana Briseis, mkazi wogwidwa kunkhondo. Mu 9 akulu apita kukapepesa Achilles, iye akana. Mu 16 Patroclus, bwenzi lapamtima la Achilles, afa. Mu 22 Hector, ngwazi ya ku Troy, afa. Mu 24 nkhalamba Priam ipita usiku kukapempha mtembo wa mwana wake Hector. Chigawo 19 ambiri sachitchula, koma kwa inu n'chofunika: ndi mokhamo mmene Briseis amatsegula pakamwa m'ndakatulo yonseyo, mizere 14 yolira maliro a Patroclus. Pat Barker anatenga mkazi wa mizere 14 ameneyo n'kumupatsa buku, The Silence of the Girls. Theka lachiwiri la chigawo 2 lilumpheni popanda manyazi. Ndi kaundula wa zombo 1,186 ndi atsogoleri ake, ndipo ndi manda a owerenga ambiri.

Chimene chimagwetsa anthu kwambiri si kuvuta kwa Chingerezi koma mayina. Agiriki omwewo pena akutchedwa Achaeans, pena Danaans, pena Argives. Troy ndi Ilium ndi mzinda umodzi. Paris ndi Alexander ndi munthu mmodzi. Ajax alipo awiri. “Mwana wa Atreus” akhoza kukhala Agamemnon kapena Menelaus, monga mmene Phiri mmodzi sakwanira kuloza munthu pamudzi wa a Phiri okhaokha. Kuwonjezera apo, kumasulira kwaulere kumene mupeze pa Project Gutenberg (tsamba la pa intaneti la mabuku akale aulere), kwa Samuel Butler, kumagwiritsa ntchito mayina achiroma: Ulysses m'malo mwa Odysseus, Jove m'malo mwa Zeus, Minerva m'malo mwa Athena, Mercury m'malo mwa Hermes, Neptune m'malo mwa Poseidon. Mukachoka pa Butler kupita kwa Miller osadziwa zimenezi, muziona ngati milungu yasintha. Tengani tsamba limodzi la kope, mulicheke mizere itatu: dzina lachigiriki, lachiroma, ndi mawu atatu onena kuti ndi ndani. Tsambalo likhale chizindikiro chanu cha pamene mwalekezera. Mukapeza kumasulira kwa Emily Wilson, Odyssey ya 2017 kapena Iliad ya 2023, vuto la mayina achiroma palibe ndipo Chingerezi chake n'chosalala.

Chomaliza, musafulumire kunena kuti mlembi wapotoza Homer. Zambiri zimene anthu amati n'za Homer, mwa Homer mulibe. Iliad imathera pa maliro a Hector: kavalo wamatabwa mulibe, imfa ya Achilles mulibe (ziwirizi zimangotchulidwa mu Odyssey). Zakuti mayi ake anamuviika m'madzi n'kutsala chidendene zinalembedwa ndi Statius, Mroma, patapita zaka mazana ambiri, n'chifukwa chake Miller sanaziike m'buku lake la The Song of Achilles. Zoti Circe ndi amene anasandutsa Scylla chilombo n'za Ovid, m'chigawo 14 cha Metamorphoses. Telegonus, mwana wa Circe ndi Odysseus amene amagwira gawo lomaliza la buku la Circe, akuchokera m'ndakatulo yotchedwa Telegony, imene inatayika n'kungotsala chidule chake.

Kadzioche

Masamu a Bambo a Tadala ndikugwirizana nawo, koma kagawidwe kake ayi. Kuphunzira mayina a ku Troy ndi ntchito ya masiku atatu kapena anayi. Mutalipira mtengo umenewo, bwanji kuugwiritsa ntchito pa buku limodzi lokha? The Song of Achilles la 2011 ndi The Silence of the Girls la 2018 akufotokoza msasa womwewo, anthu omwewo, maliro omwewo. M'loyamba wolankhula ndi Patroclus, amene amamukonda Achilles. M'lachiwiri, mbali yaikulu ndi Briseis, amene Achilles anamuphera mwamuna ndi azichimwene n'kumutenga ngati katundu. Awiriwa pamodzi ndi masamba 650 mpaka 700, ndiye malo otsala ndi a buku limodzi lokha la Earthsea, komanso mofinyikiza.

Mukatsata njira imeneyi, yambani ndi Miller, Barker abwere pambuyo. Mukatembenuza, chikondi cha m'buku la Miller chikuwawirani m'kamwa chifukwa mwaona kale zimene zikuchitika m'mahema a akazi. Ndikuchenjezeninso: la Barker muli kugwiririra, mliri, makoswe ndi mitembo, ndipo asilikali ake amatukwana ngati a ku England a masiku ano. Anachita dala, koma si buku lowerenga mokweza ana ali pafupi.

Chimene ndikukaniza kwamtuwagalu ndi kuwerenga mabuku awiri a fantasy nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Lililonse limafuna kuti mutu usunge mapu ake, malamulo a matsenga ake ndi maina a mafumu ake, ndipo mukalisiya masiku anayi mumayambiranso.

Zimene anena Mayi Nasimango, zakuti nthano ilibe njira imodzi yolondola, ife tili nazo pafupi. Nkhani ya Mbona, amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, imasimbidwa mosiyanasiyana, ngakhale pa za amene anamupha ndi chimene anamuphera. Matthew Schoffeleers anasonkhanitsa masimbidwe osiyanawo m'buku la River of Blood la 1992, ndipo Steve Chimombo anaisandutsa sewero, The Rainmaker, la 1978. Sewerolo ndi la madzulo awiri basi. Likapezeka ku laibulale, liikeni pakati pa mabuku aakuluwo ngati popumira.

Nangozo

Zikomo kwambiri nonse. Ndatenga njira ya Bambo a Tadala, za ku Troy zidikire mwezi winawo. Funso lina laling'ono: Homer ndikhala ndikumuwerengera pa foni. Ndikopere mtundu uti, ndipo uja womvetsera munthu akuwerenga mokweza ungandithandize?

Bambo a Tadala

Koperani EPUB, osati PDF. PDF imasunga tsamba momwe linasindikizidwira, ndiye pa foni muzingokulitsa ndi kukokera uku ndi uku. EPUB imayala mawu molingana ndi sikirini ndipo zilembo mumakulitsa nokha. Pa Project Gutenberg sankhani yopanda zithunzi, ndi kafayilo kakang'ono kosadya bandulo. Mu Butler zigawo zalembedwa ndi manambala achiroma, ndiye chigawo 10 muchipeza pa Book X. Mafayilo a mabuku atsopano oyenda pa WhatsApp asiyeni: kupatula kuti ndi akuba, kawirikawiri mumasowa mitu kapena mapu.

Womvetsera waulere uli pa LibriVox, tsamba la pa intaneti la mabuku omvetsera. Sankhani mafayilo a 64kbps, amene amadya pafupifupi 29 MB pa ola, ndipo mukopere chigawo chimene mukufuna chokha. Vuto lake n'lakuti owerenga ndi anthu ongodzipereka, nthawi zina amasinthana chigawo ndi chigawo, moti dzina limodzi mulimva likutchulidwa mwanjira ziwiri. Koyamba muzimvetsera maso ali pa mawuwo. Muzikamvera m'minibasi mukadziwa kale kuti ndani ndi ndani.

Masiku ake agaweni chonchi. Kuyambira 1 mpaka 7, A Wizard of Earthsea. Tsiku 8, chigawo 10 cha Odyssey, ndi kulemba tsamba la mayina lija. Tsiku 9, mizere yoyambirira ya chigawo 12, pamene Circe akulangiza Odysseus za Sirens ndi Scylla, kenako tsegulani buku la Miller tsiku lomwelo nkhaniyo ikadali yotentha. Circe akutengerani mpaka cha pa 22. Mitu yake yoyambirira, ya kunyumba kwa bambo ake Helios, ili ndi mayina ambiri a milungu yaing'ono. Musawaloweze onse, ofunika ndi Aeëtes, Pasiphaë, Glaucos ndi Scylla. Kuyambira 23 mpaka 28, The Tombs of Atuan. Masiku awiri otsalawo musawaikire buku. Ngati pofika tsiku 15 simunadutse tsamba 120 la Circe, chotsani The Tombs of Atuan pa mwezi uno, lidzatsegulire mwezi winawo.